Njere za mphira zomwe zinasamutsa chuma cha Brazil

Utomoni wa mtengo wa mphira, ukangochoka mumtengo, ndi wosadalirika. Kukatentha umamata, kukazizira umauma gwa n'kumasweka. Eni mafakitale anavutika nawo mpaka 1839, pamene Charles Goodyear anatulukira kuti ukautenthetsa pamodzi ndi sulufule umalimba ndipo susinthanso ndi nyengo. Basi, utomoni uja unasanduka chinthu chomwe fakitale imachigula chosakonza n'kuchitulutsa chili malamba a makina, mapaipi ndi nsapato. John Boyd Dunlop atapanga tayala lopopa mu 1888, kenaka magalimoto n'kuchuluka, aliyense anayamba kuufuna.

Mtengo wake weniweni, Hevea brasiliensis, unkamera wokha m'nkhalango za Amazon. Ndalama zinasefukira mumzinda wa Manaus ku Brazil, moti mu 1896 anatsegula nyumba ya zisudzo ya Teatro Amazonas, zomangira zake zambiri zochokera ku Ulaya. Koma anthu otema mitengoyo m'nkhalango ankangokhalira ngongole kwa mabwana awo.

Olemera a ku Manaus akusangalala choncho, chiswe chinali chitaboola kale nkhokwe. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatola njere pafupifupi 70,000 m'dera la mtsinje wa Tapajós n'kukazipereka ku Kew Gardens, munda wofufuzira zomera ku London. Zomwe zinamera sizinafike 3,000, koma zinakwanira. Mbande zake anazitumiza kumadera omwe ankalamulidwa ndi Angelezi, ku Ceylon (lero Sri Lanka) ndi ku Singapore, komwe pambuyo pake Henry Ridley anapeza katemedwe kabwino kokhetsa utomoni popanda kupha mtengo. Kumeneko mitengo inabzalidwa m'mizere m'minda ikuluikulu, pamene wotema mitengo wa ku Amazon ankayenda mtunda kuti apeze mtengo wotsatira. Pofika 1913, Asia inali itapitirira Brazil.

Kodi Wickham anaba? Ku Brazil ambiri amatero mpaka lero. Omuikira kumbuyo amati panthawiyo kunalibe lamulo loletsa kutulutsa njerezo. Kwa ine, kusowa kwa lamulo sikuyankha funso lonse, chifukwa phindu linapita kwa ogula, eni nkhalango n'kutsala manja lende. Kwawo ku Britain anamupatsa ulemu wa Sir mu 1920.

Henry Ford anayesa kubweza gudumu mu 1928 potsegula munda wa Fordlândia m'mbali mwa Tapajós yemweyo, kuti matayala a magalimoto ake asamadalire Angelezi. Mitengo itabzalidwa mothinana, matenda a masamba omwe ku Asia kunalibe anaisakaza, ndipo mu 1945 kampani yake inagulitsa malowo ku boma la Brazil.