Kufulula masese pakhomo: chiphe chimalowera ku chimanga ndi kumgolo, ndipo moto suchichotsa

Uthengawu ndi wa inu amayi ndi abambo amene mumafulula masese, kaya ogulitsa, kaya a pa sadaka, pa chinkhoswe kapena pa dima. Mbiya imodzi imamwetsa anthu ambiri, choncho ikalakwika odwala amakhalanso ambiri, tsiku limodzi lomwelo.

Pali chizolowezi chimodzi chimene tikufuna chitheretu: kusankha chimanga chabwino kuti chikhale cha nsima, chowola ndi chachuku nkuchiika padera kuti "ichi ncha mowa, chikapsa pamoto". Ziphe zoopsa za m'chimanga chowola sizipsa pamoto.

Zimene zidachitika ku Chitima

Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu adamwa mowa wachimanga pobwera ku maliro. Oposa 230 adadwala ndipo 75 adamwalira, kuphatikizapo mayi amene adafulula mowawo. Mphekesera idafala yoti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Mowa ndi ufa zitapimidwa, kudapezeka kuti mudali chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli. Ufawo udanyowa ndi madzi osefukira, udaonedwa kuti sungadyedwe, koma udaloledwa kupita ku mowa. Chiphechi sichinunkha, sichimveka pakamwa, sichitha ndi kuwiritsa, ndipo chilibe mankhwala ochisukulutsa. Kuno kwathu madzi amasefukira pafupifupi dzinja lililonse, makamaka kuchigwa cha Shire, kotero ufa wonyowa wotere tili nawo pafupi.

Chiphe china ncha chuku, chimene achipatala amati aflatoxin. Chimamera pa chimanga, mapira ndi mtedza zosungidwa ponyowa. Chikachuluka chimapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 adamwalira atadya chimanga chotere. Chikamalowa pang'onopang'ono kwa zaka chimaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Tsono ganizani kuti mowawo paokha umalemetsa chiwindi chomwecho.

Muyeso ndi wosavuta. Chimanga kapena ufa umene simungaphikire ana anu nsima, musaufululire mowa. Petani, sankhani, tayani njere zakuda, zobiriwira, zofumbwa ndi zoyandama pamadzi. Ufa wogwirana mibulu kapena wonunkha chinyontho kwirirani m'dzenje; musapatse nkhuku kapena nkhumba. Mbewu yogula yopaka mankhwala, ija yofiirira kapena yobiriwira, imamera bwino kwambiri ndipo ena amakopeka nayo popanga chimera. Utoto umenewo ndi chenjezo lakuti njerezo zili ndi mankhwala, ndipo kutsuka sikuwachotsa onse.

Chimera

Apa ndi pamene chuku chimalowera kawirikawiri, chifukwa njere zimakhala zonyowa, zofunda ndiponso zovundikira kwa masiku angapo.

Tsukani mawere, mapira kapena chimanga, ndipo viikani m'madzi oyera. Mawere ndi mapira akwana ndi usiku umodzi kapena tsiku lathunthu. Chimanga chimafuna tsiku limodzi kapena awiri. Sinthani madzi kawiri pa tsiku. Akayamba kuchita thovu ndi kununkha, ndiye kuti njere zayamba kuvunda osati kumera. Mukavuula, yalani pa thumba lochapa bwino, mosapitirira kutalika kwa chala, nkuvundikira ndi thumba lina lonyowa kapena masamba a nthochi. Tembenuzani m'mawa ndi madzulo, kuwaza madzi pang'ono. Mulu wokhuthala umatentha m'kati, mpweya sulowa, ndipo pakati pakepo ndi pamene pamayamba ulusi wotuwa, wakuda kapena wobiriwira. Tisiyanitse bwino: timizu ta chimera ndi toyera ndipo fungo lake ndi la udzu wanthete, chuku chimaoneka ngati thonje kapena fumbi ndipo chimanunkha nkhungu. Chimera chachuku tayani chonse, musangochotsa pamwamba.

Pakatha masiku 3 mpaka 5 chimera chakwana. Yanikani padzuwa pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, masiku 2 kapena 3, mpaka njere izithyoka mukailuma. M'nyengo ya mvula pangani chimera chochepa, chimene mungathe kuumitsa msanga. Chimera cha mapira chili ndi vuto lakelake: mphukira ndi timizu take zimakhala ndi chiphe cha mtundu wa chija cha chinangwa chowawa. Chikauma, tikitani ndi manja ndipo petani kuti timizu ndi mphukira zichoke musanapite kuchigayo. Ana asamatafune chimera cha mapira chachiwisi. Gayitsani chokwanira ulendo umodzi, chotsala sungani chosagaya pamalo ouma.

Mgolo ndi mbiya

Mgolo umene mudali mankhwala a thonje, a fodya kapena a mbewu, mafuta a galimoto, penti kapena feteleza, usayandikire mowa, ngakhale mutautsuka kangati. Pulasitiki imamwa mankhwala, kenako phala lotentha ndi lowawasa limawatulutsanso. Ngati simukudziwa chimene chidali mumgolo wogula pamsika, musaugule. Ndowa zamalata zonyezimira nazonso sizoyenera kusungiramo mowa, pakuti kuwawasa kumasungunula chitsulo chokutira pamwambacho ndipo omwa amasanza ndi kupotokola m'mimba. Mbiya yadothi yosang'aluka, sefuliya yabwino, kapena ndowa yapulasitiki imene idabwera ndi zakudya, ndi zimene tikulimbikitsa. Tsukani ndi sopo kapena phulusa, tsukuluzani ndi madzi owira, yanikani padzuwa chozondotsa. Mthiko, chipande ndi sefa zichitidwenso chimodzimodzi.

Kaphikidwe ndi pamene pamalakwika

Kafululidwe kamasiyana malinga ndi dera, koma maziko ake ndi amodzi. Pa madzi okwana ndowa ya malita 20, ufa wamgaiwa wa makilogalamu 2 mpaka 3 ndi chimera cha kilogalamu imodzi ndi theka zimapereka mowa wabwino. Chimeracho gawani pawiri.

Tsiku loyamba phikani phala lamadzimadzi, liwire bwino. Tulani, lizizire mpaka chala choyera chitha kupirira kamphindi kochepa, ndiye thirani gawo loyamba la chimera ndi kutakasa. Mukathira chimera phala likadali lowira, mphamvu ya chimera yosandutsa ufa kukhala shuga imafa, phala silisungunuka ndipo mowa umatuluka wopanda mphamvu. Mukathira litazizirira, limatsekemera mochedwa ndipo tizilombo tosafunika timapeza mpata. Vundikirani ndi nsalu yoyera, ligone pamalo ofunda.

M'mawa mwake phala liyenera kukhala losungunuka, lowawasa bwino ngati chambiko. Kuwawasa kumeneku ndi chitetezo, chifukwa tizilombo tambiri toyambitsa matenda sitikula m'phala lowawasa. Ngati latha tsiku lathunthu osawawasa, kapena likutamuka ngati therere, kapena likununkha chovunda, tayani. Ngati lili bwino, liwiritseninso kwa maola awiri kapena kuposerapo, mukutakasa kuti lisapserere. Lizizire mpaka lifike pofunda ngati thupi la munthu, kenako thirani chimera chotsala. Pakatha tsiku limodzi mowa umayamba kuwira wokha ndi kutulutsa thovu. Nyengo yotentha umapsa m'masiku awiri, m'miyezi ya Juni ndi Julayi umachedwerapo. Ukachedwa, funditsani mbiya ndi bulangeti kapena thirani chikho chimodzi cha mowa wabwino umene ukuwira kale. Musathiremo mabatire, feteleza, mapiritsi, sipiriti kapena mizu yosadziwika pofuna kuti "ugwire". Izi siziwonjezera mowa, zimangoonjezera chiphe, ndipo chizungulire chimene womwa amamva ndi chizindikiro cha kuvulala.

Madzi onse othira pambuyo pa moto womaliza, osungunulira kapena osefera, akhale owiritsa ndi kuzizira movundikira. Ambiri amasamala pophika koma posefa amatunga madzi a pachitsime chosatetezedwa. Mphamvu ya masese ndi yochepa, siingadaliridwe kuti ipha tizilombo ta kolera kapena ta kamwazi. Sambani m'manja ndi sopo musanasefe, ndipo amene akutsekula m'mimba kapena ali ndi chilonda kudzanja asagwire ntchitoyi. Potunga gwiritsani chipande chimodzi chachigwiriro, osamiza chikho chimene anthu akumwera.

Masese amapitiriza kuwira ngakhale mwasefa, choncho musatseke ndi chitsekero cholimba m'botolo kapena m'chigubu, chimaphulika. Amwedwe m'masiku awiri kapena atatu. Ukachita nkhungu pamwamba kapena kununkha zachilendo, usasakanizidwe ndi watsopano. Thobwa nalonso likagona masiku awiri kapena atatu limasanduka mowa, lisapatsidwenso kwa ana.

Mphika wa phala lowira uzikhala kutali ndi posewerera ana, ndipo mbiya ikhale yovundikira nthawi zonse, pakuti mwana wokwawa atha kugweramo chamutu. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20 nkupita naye kuchipatala. Musapake mazira, mankhwala otsukira mano, dothi kapena mafuta.

Mawu ochepa kwa otcheza kachasu

Paipi yochokera ku galimoto kapena yolumikiza ndi mtovu imatulutsa mtovu umene umasungunukira m'kachasu, ndipo mtovu umaononga impso, magazi ndi ubongo mwakachetechete. Choopsa koposa ndi kuonjezera sipiriti wa m'mafakitale, amene amakhala ndi chiphe chotchedwa methanol. Masipuni ochepa chabe atha kuchititsa khungu kapena kupha. Zizindikiro zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24: mutu, kusanza, kupuma mothamanga, ndi kuona ngati kwachita chifunga.

Amene sayenera kumwa

Mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono, pakuti mowa umafika kwa mwana m'mimba ndi kuononga ubongo wake, ndipo masese sachulukitsa mkaka wa m'mawere monga ena amanenera. Ana osakwana zaka 18 asapatsidwe, ngakhale kulawa. Amene akumwa mankhwala a TB, a khunyu kapena Flagyl, ndi onse odwala chiwindi, aupewe. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi akambirane ndi achipatala.

Anthu akadwala atamwa

Anthu awiri kapena kuposerapo amene amwa mbiya imodzi akayamba kusanza, kutsekula m'mimba, kufooka, kubanika, kusokonezeka mutu, kusaona bwino kapena maso kuchita chikasu, letsani mowawo nthawi yomweyo. Odwala apite kuchipatala osadikira kuti "mowa utsike", ndipo musawasanzitse mokakamiza. Wokomoka mgonekeni chammbali kuti masanzi asamtsamwe, ndipo musamsiye yekha. Uzani a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo tumani anthu kwa aliyense amene anamwako, ngakhale amene akuoneka kuti ali bwino, kuphatikizapo amene anatengera mowawo kunyumba. Musataye mowa wotsala, ufa ndi chimera. Zitsekereni pamalo osafika ana ndi ziweto, kuti azaumoyo akabwera atengeko zokapima.