Sherifu wa ku America: munthu wa mfumu amene anadzakhala wochita kuvoteredwa

Kwathu kuno munthu akamva kuti masherifu afika pakhomo, mtima umathamangira ku ngongole. Amadziwa kuti khoti lagamula, ndipo anthuwo abwera kudzanyamula firiji, mipando, mwinanso galimoto. Palibe amene amawavotera, ndi antchito a khoti basi. Ku United States dzina ndi lomweli, ndipo muzu wake ndi umodzi, koma udindowo unakula mwa njira ina. Kumeneko sherifu ndi mkulu wa chitetezo m'kaunti, dera lomwe tingaliyerekeze ndi boma ngati Dedza kapena Mangochi, ndipo amalowa m'ofesi anthu atamuvotera.

Dzinali linabadwira ku England kalekale, Anomani ochokera ku France asanalande dzikolo mu 1066. Dzikolo linagawidwa m'madera otchedwa shire, ndipo m'dera lililonse mfumu inali ndi nthumwi yake yotchedwa reeve. Mawu awiriwa atakumana anabala sheriff. Iyeyu ankatolera msonkho, kugwira olakwa ndi kuzenga milandu, zonse m'dzina la mfumu. Mphamvu zitachuluka dyera linalowapo, moti chikalata cha Magna Carta cha mu 1215 chinaletsa masherifu kuweruza milandu ikuluikulu ya mfumu. Lero ku England udindowu unatsala waulemu chabe, wa chaka chimodzi.

Atsamunda anawoloka nawo nyanja udindowu kupita ku America. Mu 1634 Virginia inagawidwa m'madera 8, ndipo kunayamba kukhala masherifu, kawirikawiri eni minda ikuluikulu oikidwa ndi bwanamkubwa. Dziko litapeza ufulu, anthu anakana zoti wina wa kutali aziwasankhira munthu wosunga makiyi a ndende. Malamulo a New Jersey a mu 1776 ananena kuti sherifu azivoteredwa chaka ndi chaka, ndipo m'zaka za m'ma 1800 mwambowu unafalikira pafupifupi dziko lonse.

Lero masherifu alipo opitirira 3,000, ambiri amavoteredwa pa zaka zinayi zilizonse. Ku Alaska kulibe, ku Connecticut anthu anavota mu 2000 kuthetsa udindowu m'makaunti, pomwe ku Hawaii ndi Rhode Island amachita kulembedwa ntchito. Kwinaku, kawirikawiri sherifu ndiye amayang'anira ndende ya kaunti, kulondera makhoti, kutulutsa m'nyumba olephera kulipira lendi khoti likalamula, ndi kugwira ntchito ya upolisi kumidzi kumene kulibe polisi ya mzinda. Ku Louisiana amatoleranso msonkho wa malo, monga ankachitira anzake a kwa mfumu aja. Mkulu wa polisi ya mzinda akalakwa, meya kapena khonsolo atha kumuchotsa mawa lomwe. Sherifu sachotsedwa choncho. M'madera ambiri, atsogoleri a kaunti amangomupatsa ndalama zoyendetsera ofesi, koma samulamula.

Kulemera kwa voti imeneyi kunaonekera poyera ku Selma, m'kaunti ya Dallas ku Alabama. Sherifu wa kumeneko, Jim Clark, ankayenda ndi chibonga ndi ndodo yamagetsi yothamangitsira ng'ombe, ndipo pachifuwa ankavala baji yolembedwa mawu amodzi achingerezi otanthauza kuti sizidzatheka. Chimene sichidzatheka chinali chakuti tsankho lolekanitsa azungu ndi anthu akuda lithe, ndipo pa nkhani yovota tsankholo linkaonekeratu. Mwa anthu akuda pafupifupi 15,000 a msinkhu wovota m'kauntiyo, olembetsa anali ngati 300 okha. Malo olembetsera anali kukhoti, ndipo pakhomo pa khotipo pankaima Clark yemweyo. Mu February 1965 anamenya chibakera kumaso m'busa C. T. Vivian pamasitepe a khotilo, makamera akujambula. Pa 7 March, gulu lake la amuna okwera pa akavalo linathandizana ndi apolisi a Alabama kumenya anthu oyenda mwamtendere pa mlatho wa Edmund Pettus. Chondipweteka pankhaniyi n'chakuti amene ankamenyedwa ndi omwewo amene analibe njira yomuchotsera paudindo.

Lamulo loteteza ufulu wovota linasainidwa pa 6 August 1965, ndipo anthu akuda zikwizikwi analembetsa. Mu 1966 Clark anapikisana ndi Wilson Baker pa chisankho cha chipulula. Panali kuyesa kutaya mabokosi 6 a mavoti ochokera kumadera a anthu akuda, koma khoti la boma lalikulu linalamula kuti awerengedwe, ndipo Clark anagwa. Chaka chomwecho kaunti ya Macon, mu Alabama momwemo, inasankha Lucius Amerson, munthu wakuda woyamba kukhala sherifu kum'mwera kwa dzikolo chichokereni zaka zotsatira nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo ya m'zaka za m'ma 1860.

Voti imachotsa munthu wankhanza, komanso imatha kumusunga. Joe Arpaio anakhala sherifu wa kaunti ya Maricopa ku Arizona zaka 24 kuyambira 1993. Ankagoneka akaidi m'matenti pa dzuwa la m'chipululu n'kumawaveka zovala zamkati zapinki, ndipo anthu ankamuvoterabe. Anagonja mu 2016 kwa Paul Penzone. Chaka chotsatira khoti linamupeza wolakwa ponyozera chigamulo chomuletsa kugwira anthu pongowaganizira kuti alibe mapepala okhalira m'dzikomo, koma Pulezidenti Donald Trump anamukhululukira.

Nkhani ya mapepalayi ndi imene imakhudza alendo, kuphatikizapo abale athu okhala kumeneko. Pansi pa ndime ya lamulo yotchedwa 287(g), sherifu atha kupangana ndi ofesi yoona za olowa ndi otuluka kuti alonda ake azifufuza mapepala a aliyense wotsekeredwa m'ndende. Mu 2018 Garry McFadden anapambana m'kaunti ya Mecklenburg ku North Carolina atalonjeza kuthetsa panganoli, ndipo atangolowa m'ofesi analithetsa.

Kukangana kwakuti sherifu azivoteredwa kapena azilembedwa ntchito sikunathe. Mu 2020 anthu a kaunti ya King, kumene kuli mzinda wa Seattle, anavota kuti wawo azichita kulembedwa ntchito. Ku kaunti ya Miami-Dade ku Florida zinayenda mobwerera, pakuti mu 2024 anavotera Rosie Cordero-Stutz, sherifu woyamba kusankhidwa ndi anthu kumeneko chichokereni zaka za m'ma 1960.