Gogo wopezeka pakhomo pa eni mbandakucha si mfiti

Nkhaniyi imamveka kawirikawiri kuno ku Mzuzu, kaya ku Chibavi, kaya ku Zolozolo: gogo wapezeka m'mamawa pakhomo pa eni, chitenje chili m'manja, sakudziwa kumene ali. Dzuwa lisanakwere uthenga wafalikira pa WhatsApp kuti "wagwa pa ndege ya ufiti". Limeneli ndi bodza, ndipo lavulazitsa okalamba ambiri.

Nthawi zambiri gogoyo amakhala akudwala dementia, matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono. Mtundu wake wofala ndi Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Wodwala amaiwala zimene zangochitika kumene, koma zakale amazikumbuka bwino. N'chifukwa chake amadzuka usiku kuti akupita kumunda kumene ankalima ali mtsikana, njira n'kumusokonekera. Amaitana mdzukulu ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kalekale. Mukamuzinga ndi kumufunsa mokalipa kuti "mwabwera kudzatamba?", amangovomera chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka. Zimandipweteka kuti anthu amatenga kuvomera koteroko ngati umboni.

Anamwino amaphunzitsidwanso kuti kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kungayambe ndi malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, zimene zimachizika.

Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mukampeza gogo wotere, mufunditseni, pajatu kuno kumazizira, mulankhuleni mofatsa, fufuzani abale ake, ndipo apite naye ku chipatala cha Mzuzu Central kapena cha St John of God akamuyeze.