AES ilibe mlandu, wolakwa ndi amene akuigwiritsa ntchito

Pafupifupi mwezi uliwonse pamabwera wina ndi script yake (kapulogalamu) ya PHP kapena Python, nkhope ili mwee, n'kundiuza kuti deta waitseka ndi AES-256, njira yotchuka yobisira deta, ndiye palibe choopa. Ndikatsegula fayiloyo maso anga amagwera pa zilembo zitatu zomwezija: ECB. Ndatopa nazo ndithu.

AES payokha ndi yolimba. Anaipanga Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, bungwe la NIST la ku America linaivomereza mu 2001, ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito m'mabanki ndi m'mafoni. Koma imatseka tizidutswa ta ma byte 16 basi. Uthenga ukatalika pamafunika njira yolumikizira tizidutswato, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. ECB ndi imodzi mwa njirazi: imatseka chidutswa chilichonse pachokha ndi kiyi mmodzimodziyo, choncho zidutswa ziwiri zofanana zimatulukanso zofanana. Wakuba safunikanso kiyi, amangoyang'ana zimene zikubwerezabwereza.

Zinawaonekera a Adobe mu 2013. Akuba anatenga maakaunti pafupifupi 150 miliyoni, ma password ake atatsekedwa ndi 3DES (njira yobisira deta yakale kuposa AES) m'njira ya ECB, pomwe mawu okumbutsa password anali poyera. Anthu onse a password yofanana anali ndi zilembo zofanana m'fayiloyo, ndiye kungodziwa ya mmodzi kunali kudziwa ya onse. Password siyenera kutsekedwa n'komwe ndi cipher, kutanthauza njira yobisira deta imene imatsegulika ndi kiyi. Imafuna bcrypt kapena Argon2, njira zoisandutsa zilembo zosabwezeka, ndipo mu PHP muli password_hash yodikira ntchito imeneyi.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya ofesi ina yaing'ono yobwereketsa ndalama. Anandiitana kuti ndione pulogalamu imene anawalembera "katswiri" wina amene ankadzitama kuti anapanga njira yakeyake yobisira deta. Nditayang'ana, manambala a ziphaso za makasitomala anali atangowasandutsa base64, njira yongolembera deta m'zilembo zina popanda kiyi, imene mwana aliyense wa sekondale angaibweze ndi mzere umodzi. Ndalama za ngongole zokha ndizo anazitseka ndi AES, koma kiyi anamulemba pamwamba pa script yomweyo, pafupi ndi database. Kukhoma chitseko n'kusiya kiyi pa loko! Ndinawauza kuti tikonze sabata yomweyo. Bwana wa ofesiyo anati tidikire mwezi uthe, ntchito yachuluka. Mwezi usanathe laputopu ya mu ofesimo inabedwa, zonse zili momwemo. Mpaka pano ndimadzifunsa ngati ndinalankhula mofatsa kwambiri tsiku lija.

Munthu akakuuzani kuti anapeka cipher yake, musamulipire. Ngakhale ife amene takhalitsa m'ntchitoyi sitiyerekeza.

M'malo mwa ECB, gwiritsani AES-GCM, njira ina yogwiritsira ntchito AES. Imatseka deta komanso imatulutsa tag, kachidindo kotsimikizira, imene imakana kutsegula ngati wina wasinthapo ngakhale byte imodzi. Nonce yake, nambala yogwiritsa ntchito kamodzi kokha, ikhale ya ma byte 12, yatsopano nthawi iliyonse, yochokera ku random_bytes mu PHP kapena os.urandom mu Python. Muisunge pambali pa deta yotsekedwayo, si chinsinsi. Koma mukabwereza nonce ndi kiyi yemweyo, GCM imasanduka dengu lobooka, ndipo ndaona anthu akuilemba m'script ngati nambala yokhazikika chifukwa choti "zikugwira". Zoona zikugwira, kutseka ndi kutsegula kukuyenda, n'chifukwa chake vutoli silioneka mpaka tsiku la tsoka.

Ngati zimenezi zikukuzunguzani mutu, mu Python tengani Fernet ya mu laibulale ya cryptography, imadzisankhira yokha IV (mnzake wa nonce) n'kuikapo HMAC (mnzake wa tag). Laibulale ya PyCrypto inasiyidwa kalekale. Ndipo chitsanzo chilichonse cha pa intaneti chimene mukuona mcrypt, laibulale yakale ya PHP, chitsekeni: mcrypt inachotsedwa mu PHP 7.2 mu 2017, mtundu womwewo umene unabwera ndi laibulale yatsopano ya sodium.