Kutsika kwa chiberekero si ufiti ayi

Zaka zonsezi tikungomvabe nkhani yomweyi, ati mayi akamamva ngati kanthu kakutsika kapena kutulukira kumaliseche ndiye kuti amulodza, ena ati ndi chilango choti anayenda njira zolakwika m'banja. Abale, izi sizoona.

Chiberekero, chikhodzodzo ndi matumbo zimagwiridwa ndi minyewa ya m'chiuno, ikafooka ziwalozi zimatsikira mu njira yoberekera. Chimafooketsa kwambiri ndi kubereka, makamaka kangapo, kuchedwa pobereka kapena mwana wamkulu, kuonjezera ukalamba mayi akasiya kusamba, kusenza katundu olemera tsiku ndi tsiku ngati ndowa zamadzi ndi nkhuni, chifuwa chosatha komanso kudzimbidwa. Ena amangomva kulemera m'munsi makamaka madzulo ataima tsiku lonse, ena mkodzo umatuluka akatsokomola. Sizopatsirana, komanso si khansa.

Ndipo chithandizo chilipo. Zikangoyamba pali masewera olimbitsa minyewa ija, kumafinya ngati ukugwira mkodzo kenako kumasula. Pali kamphete kofewa kotchedwa pessary kamene amakalowetsa mkati kuti kachirikize, zikafika povuta amachita opaleshoni. Zoikamo zitsamba zija zimangobweretsa zilonda.

Musangokhulupirira ine, funsani namwino kapena dokotala, amapima n'kukuuzani chomwe chatsika. Uthenga wa pa WhatsApp osanena komwe wachokera musamautumize musanafufuze, pali amayi akubisa vutoli zaka chifukwa choopa kunenedwa.