Notgeld: Ndalama Zimene Matauni a ku Germany Ankasindikizira Otolera

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, anthu a ku Germany anayamba kubisa ndalama zagolide ndi zasiliva m'nyumba. Posakhalitsa boma linafuna kopa ndi nikelo kuti lipangire zida, ndipo pofika 1916 ndi 1917 chenji chinasowa m'misika. Wogula buledi anali nayo ndalama yapepala, koma wogulitsa analibe ma pfennig (timakobidi ta ku Germany) omubwezera. Makhonsolo a matauni, mabanki ang'onoang'ono, mafakitale ngakhale eni masitolo anayamba kusindikiza timapepala tawotawo ta ma pfennig 10, 25 ndi 50, togwira ntchito m'dera lawo lokha. Timeneti ndi timene ankatitcha Notgeld, kutanthauza ndalama za pa nthawi ya mavuto.

Toyambato tinali tosaoneka bwino: dzina la tauni, chidindo, siginecha, basi. Zinthu zinasintha nkhondo itatha, makhonsolo atazindikira kuti timapepala tambiri sitikubwerera kudzawomboledwa. Anthu ankatisunga m'mabuku ngati masitampa. Kapepala kalikonse kosabwerera kanali phindu la khonsolo, choncho mu 1920 ndi 1921 matauni ankalemba ntchito akatswiri ojambula n'kumatulutsa timapepala m'magulumagulu, gulu lililonse likufotokoza nkhani yakeyake. Hameln inaikapo nthano ya woimba chitoliro amene anatsogolera makoswe. Bielefeld, tauni ya owomba nsalu, inasindikiza pa nsalu ya silika. Meissen inaumba ndalama zadothi, Osterwieck inagwiritsa ntchito zikopa. Tambiri mwa timapepalati sitinalowepo m'thumba la mayi wopita kumsika. Tinkachoka kosindikizira n'kupita kwa amalonda ogulitsa kwa otolera.

Si zonse zinali nthano zosangalatsa. Tina tinkadandaula za pangano la Versailles lomwe linathetsa nkhondoyo, tina tinkanyoza Ayuda poyera, zaka zoposa 10 Hitler asanatenge boma. Tinalipo tolira maiko a ku Africa amene Germany inalandidwa, kuphatikizapo lomwe lero ndi Tanzania, tsidya la Nyanja ya Malawi.

Boma linaletsa kutulutsa timapepalati ndi lamulo la pa 17 Julaye 1922, koma chiletsocho sichinakhalitse. Mark, ndalama ya dzikolo, inagwa mphamvu koopsa moti Reichsbank, banki yaikulu ya Germany, inalephera kusindikiza ndalama zokwanira, ndipo matauni, makampani ndi a njanji analoledwanso kutulutsa zawo, tsopano za mamiliyoni ndi mabiliyoni. Mu Novembala 1923 dola imodzi ya America inafika pa ma mark 4.2 thililiyoni, ndipo mwezi womwewo kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa Rentenmark.

Arnold Keller, katswiri wa ku Germany wofufuza za ndalama zakale, ndiye anathera zaka zambiri akulemba mndandanda wa mitundu ya Notgeld, ndipo otolera amadalirabe ntchito yake. Masiku ano timapepala tokongola ta 1921 n'totchipa, chifukwa tinasungidwa tambirimbiri tosapindika n'komwe. Kwa ine, tofunika kusakasaka ndi takuda ndi tong'ambika ta 1917, timene tinaguladi mbatata ndi malasha, ngakhale kuti otolera ongoyamba kumene amatidumpha pa tebulo la wogulitsa.