Masiki ya nsalu imodzi ija ndi yongokongoletsa

Ine ndi telala, makina anga ali pakhonde pa Kasungu boma pompano. Mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, boma litalengeza mu Ogasiti kuti wosavala masiki alipira K10,000, eee aliyense anasanduka telala, koma zambiri zinali zongothawira apolisi basi, kachitenje kamodzi lastiki uku ndi uku. Pano amene amabwera ndi akabaza ndi anthu osankha fodya m'zigafa, fumbi likawakwana.

Masiki yabwino imafuna nsalu zitatu, ndi mmene a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, analangizira mu Juni chaka chomwecho. Mkati mukhale ya kotoni yofewa yoyamwa thukuta ndi malovu, tisheti yakale yapakaunjika imagwira bwinobwino. Pakati kansalu kosaluka, ngati kamene timalimbitsira kolala ya shati. Kunja poliyesita yosalowa madzi msanga, ikasowa ikani chitenje cholukana kwambiri, muchiyang'anitse kudzuwa, mukaona kuwala kukudutsa m'timabowo chisiyeni chimenecho. Ndipo chitenje chatsopano muyambe mwachichapa, chimakhala ndi sitachi komanso chimafupika, ine ndinaonongapo mulu wonse chifukwa chothamangira ndalama, kasitomala atangochapa kamodzi masiki inakwinyika ngati chikondamoyo chogona.

Ya munthu wamkulu ndimadula masentimita 20 chopingasa nkhope, 18 chotsika kuchokera pamphuno. Sanjikizani, sokani m'mbali kusiya kampata, tembenuzani, kenako pindani mapindo atatu oyang'ana pansi, musite ndi simbi musanasoke kuti asathawe. Akayang'ana m'mwamba amasunga fumbi. Opanda makina singano yapamanja imatheka, bola ulusi uziyenda pafupipafupi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pamphuno. Mpweya ndi waulesi, sudutsa m'nsalu zitatu pamene pali mpata pambali, ndiye lowetsani kawaya kofewa pamzere wam'mwamba, nsonga zake muzipinde zisabaye, kuti kazigwira mphuno. Ovala magalasi mukaona akuchita nthunzi dziwani kuti pamenepo pakudontha. Lastiki ikamaluma makutu dulani timizere ta tisheti muzimanga kumbuyo kwa mutu.

Mukamaliza yesani kuzimitsa kandulo mutavala, ikazima mosavuta nsalu zachepa, koma mukamabanika ndiye mwachulutsa. Muzichapa tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi otentha, musoke ziwiri zosinthanitsa. Mwana wosakwana zaka 2 musamuveke. Alimi inunso chonde, popopera mankhwala m'munda ya nsaluyi siyothandiza, ikanyowa ndi mankhwalawo mumangowapuma tsiku lonse.